Penti Yofiira pa Masuku

Tili ana, nkhalango tinkaidziwa kuti ndi ya boma, chifukwa alonda ake ankalanda nkhwangwa za amayi athu. Choncho alangizi atafika kwathu, kufupi ndi Nsaru, n'kunena kuti malamulo asintha, mudzi uliwonse uzisunga nkhalango yake, ndinakondwa. Anandisankha kukhala m'komiti, n'kundipatsa chitini cha penti yofiira kuti ndilembe malire.

Thengo lathu linali litatha kale ndi zigafa za fodya. Mitengo yeniyeni inatsala mbali imodzi yokha, pomwe pankalima bambo ena ochokera ku Mulanje. Anabwera ngati tenanti pa esiteti, ndipo esitetiyo itatsekedwa, malemu amalume anga anawalola kulima m'mphepete mwa thengolo. Ankabzala nandolo ndi chinangwa pakati pa masuku ndi miwanga, osagwetsa mtengo ngakhale umodzi.

Komiti inagwirizana kuti nkhalango ya mudzi ikhale pamenepo. Palibe aliyense wa ife amene ankataya munda.

Bambo aja ndinawapeza akupalira. Anandipatsa moni mwaulemu, kenaka anaima n'kumandiyang'ana ndikupaka penti mtengo woyamba.

"Kodi munda wangawu uli mkati kapena kunja?" anafunsa.

"Uli mkati, bambo. Mukakolola musadzalimenso."

"Nanga mitengo mukuitetezayi anaisunga ndani?"

Ndinayankha kuti ndi lamulo, si ine. Linali bodza. Alangizi anali atanena kuti malire tisankhe tokha, ndipo ndikanatha kukhotetsa mzerewo pang'ono. Koma ndinali ndi mkazi watsopano, udindo watsopano, ndipo sindinkafuna kuti anthu azinena kuti ndikukondera obwera.

Bambowo sanakadandaule kwina kulikonse. Atakolola anasasula denga la nyumba yawo, n'kupita ndi banja lawo kukafuna utenanti cha ku Mchinji. Akazi awo anasiyira akazi anga mbewu ya nandolo m'chigoba.

Nkhalangoyo tinaisunga zaka zochepa. Kenaka mlamu wanga anafuna mapolo a chigafa, ine osamuletsa. Wina anati akufuna nkhuni zowotchera njerwa za tchalitchi, ndipo zimenezo palibe akanakana. Wotsatira sanapemphe n'komwe. Zitsa zitauma, malowo tinagawana. Ndime ina ndimalima ine, ndipo chimanga chimachita bwino ndithu.

Chaka chatha ndili pa msika wa Kabudula, mayi wina wogulitsa tomato anandizindikira. Anali mwana wamkazi wa bambo a ku Mulanje aja. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira ali pa esiteti yachitatu, opanda munda wawowawo. Analankhula mopanda mkwiyo, kenaka anafunsa ngati masuku aja akuberekabe, poti ankawakonda ali mwana.

Ndinati mvula masiku ano ikuvuta. Anavomera kuti ikuvutadi, n'kundiwonjezera tomato awiri m'jumbo.