Thumba lanu la zitsekerero ndikadali nalo

Achemwali, papita zaka ziwiri chitisiyireni, koma lero mtima wanga wawiranso. Ndadutsa pasukulu ya mkombaphala ija ku Chinamwali, komwe munkaphunzitsa. Mayi eni sukulu akhoma chikwangwani chatsopano: "Kuno ana amaphunzira posewera." Iwo aja! Ndakumbuka tsiku lija ndinakupezani mutakhala pafumbi ndi tiana, mukuwerengera limodzi zitsekerero za mabotolo. Kamtsikana kamanyazi kaja kanawerenga kokha mpaka seveni, inu n'kukanyamula m'mwamba. Mayiwo anangotulukira: "Makolo akufuna Chingerezi, osati zinyalala!" Anakhuthulira thumba lanu kudzala, n'kukuchotsani ntchito ana akuona. Inu munagwada n'kumatola chimodzichimodzi.

Inu munawakhululukira, achemwali, koma ine ayi. Anakunyozani muli moyo, lero akudyera nzeru zanu muli m'manda. Thumba lija ndikadali nalo. Mwezi wamawa ndikutsegula sukulu yanga moyang'anizana ndi geti lawo, ndipo pachikwangwani padzakhala dzina lanu. Aziliwerenga m'mawa uliwonse, mpaka m'kalasi mwawo mutatsala timipando tokhatokha.