Tsiku Lomwe Tinawatengera Kudziwe

Chaka changa chachiwiri ku London ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Edmonton. Mwa anthu omwe ndinkawasamalira munali bambo wina wachizungu, wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Mapewa anali akadali otambalala ngati chitseko, koma miyendo inali itauma, nzeru nazo zinkabwera n'kuchoka.

Mwana wawo, mayi wa imvi kale, ndiye anandiuza kuti bambowo pa unyamata wawo anali katswiri wosambira. Ankapambana mipikisano, ankaseweranso mpira wa m'madzi, uja amaponyerana ndi manja akuyandama. Mphuno yawo inali yokhota, poti anawathyola ndi chigongono kumasewero komweko.

Tsiku likawachera bwino ankandigwira dzanja n'kundipinda zala. "Madzi samenya, mwanawe. Amakoka." Ndinkangoseka. Ine wa ku Ndirande madzi ndimadziwa a m'ndowa.

Mayi uja anayamba kupempha kuti bambo ake akalowe m'madzi kamodzi kokha asanatisiye. Amanijala anakana kwa miyezi, kenako anandiitana. "Iwe ndiye umawasambitsa. Angathe?"

"Angathe," ndinatero, n'kusayina fomu yovomereza ulendowo.

Tinapita atatu pa takisi, ine, bambowo ndi mwana wawo, Lachitatu m'mawa kudziwe losambiramo la ku Tottenham, komwe kuli mpando wotsitsira olumala m'madzi. Njira yonse bambowo anali atazolika mutu. Titangolowa, fungo la mankhwala a m'madzi litawapeza, anadzutsa mutu n'kuyamba kudzimasula mabatani okha, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo.

Mpando unatsika pang'onopang'ono. Madzi atafika pachifuwa, anakankha mwana wawo, yemwe ankawagwirizira, n'kudziponya kutsogolo. Mikono inakumbuka. Anakoka kamodzi, kawiri, mokongola zedi. Koma miyendo inawakokera pansi, mutu n'kumira. Opulumutsa anthu awiri anadumphira m'madzi n'kuwavuula akutsokomola, maso ali psuu.

Ndikuwafunditsa thaulo, anandinong'oneza, "Anthu aona?"

"Ayi bambo, palibe waona."

"Ukunama."

Madzi anali atalowa m'mapapo. Patatha masiku atatu anawagoneka kuchipatala ndi chibayo. Anabwerako, koma sanayankhulenso ndi munthu. Ndikabwera ndi supuni ankatembenukira kukhoma. Anamwalira nyengo yozizira isanathe.

Amanijala anandifunsa mafunso muofesi kawiri, fomu ija ili patebulo. Sanandichotse ntchito, anangondisamutsira kunsanjika yapamwamba, ndipo zotuluka ndi okalamba zinathera pomwepo kwa aliyense. Panali gogo wina yemwe tinkapita naye kutchalitchi mwezi ndi mwezi. Nayenso anasiya kupita, ndipo ankandifunsa chifukwa chake.

Mayi uja ndinadzakumana naye chaka chatha pamalo okwerera basi. Tinayang'anana, tinadziwana. Ndinafuna kupepesa, mwina nayenso ankafuna zomwezo. Basi yake itabwera anakwera, nakhala mbali yomwe sindikanamuona.