Mawu a Francisko mu Laputopu Yobwereka

A Nabanda a ku Mpama ankalima nandolo ndi mbatata, ndipo kutchalitchi ankaimba m'kwaya ya amayi. Amuna awo, a Francisko, anali mesenjala pa ofesi ina ku Limbe. Ofesiyo itatsekedwa, mabwana anawapatsa kompyuta yakale. Kumudzi kunalibe magetsi, choncho anakaiika kwa mnzawo wometa tsitsi pa Njuli, ndipo Loweruka ankapita kumeneko kukajambula nyimbo zomwe ankapeka m'Chilomwe.

A Francisko anamwalira mu 2006 atadwala chifuwa nthawi yaitali. Dzinja lotsatira mphenzi inaotcha kompyuta ija.

Pokonzekera chiliza patapita zaka ziwiri, a Nabanda anafuna kuti kwaya ikaimbe nyimbo ya malemuwo pamanda, koma panalibe woidziwa. Mwana wawo Chrissy, yemwe ankagwira ntchito pa intaneti kafe ku Limbe, anasolola disiki ya m'kompyuta yopsayo napeza kuti sinawonongeke. Vuto linali lakuti nyimbozo zinkatseguka ndi pulogalamu imodzi yokha, yoyenda pa Windows 98 basi.

Chrissy anafika Lachisanu masana, mwambo uli mawa lake, atabwereka laputopu kwa abwana ake. Amayi a kwaya anali atadzaza kale pakhonde la a Nabanda. Pa Njuli magetsi anali atazima chim'mawa, moti sanathe kutchaja, ndipo batire inali itatsika kupitirira theka.

"Amayi, kompyuta ya ababa ndaikopera m'kati mwa iyi," anatero Chrissy. "Ziwirizi zizigawana memore, malo amene kompyuta imaganizirapo. Ndikagawa molakwika, sitimva kanthu."

"Gawa bwino, mwana wanga. Anthuwa asiya ntchito zawo."

Poopa kulemetsa laputopu ya eni, Chrissy anapatsa Windows yakaleyo memore yochepa. Inayaka mochedwa. Atatsegula nyimbo, munatuluka mawu odukaduka, obwerezabwereza ngati munthu wachibwibwi. Mayi wina anaseka, kenako anagwira pakamwa.

"Amenewo si bambo ako," anatero a Nabanda, nkhope itauma. "Zimitsa."

Chrissy anawonjezera memore, pafupifupi yonse. Ulendo uno Windows yakale ija inakana n'kuyaka komwe, poti inapangidwa nthawi imene memore yochuluka chotero kunalibe. Laputopu nayo, itatsala ndi memore pang'ono, inangouma. Anadina apa, anadina apo, osasuntha kanthu. Fani inkalira, pansi pake pakutentha, batire ikungopita.

A Asiya, mtsogoleri wa kwaya, anayang'ana dzuwa. "A Nabanda, bwanji tingokonzekera ya m'buku? Kukada tilibe nyimbo, tichita manyazi pamaso pa alendo."

A Nabanda anatembenukira kwa Chrissy. Anafunsa mwana wawo, "Ukaizimitsa iyakanso?"

"Kaya, amayi. Kuzimitsa mokakamiza kukhoza kuwononga zomwe ndakopera, ndipo disiki yeniyeni ndasiya ku Limbe."

"Ndiye tingoiyang'ana mpaka ife yokha? Zimitsa."

Chrissy anakanikiza batani. Galasi linada. Anayatsanso. Inayaka. Anatseka mapulogalamu ena onse, anachepetsa kuwala, napatsa Windows yakaleyo memore yapakatikati. Kachizindikiro ka batire kanali katafiira.

Poyamba kunamveka kutsokomola. Kenako mawu omveka bwino a a Francisko akuuza wometa uja: "Achimwene, tatsekani chitsekocho, maminibasi akusokosa."

A Nabanda anagwira mzati wa khonde. A Francisko anayamba kuimba za makolo owoloka mtsinje wa Ruo atasenza makasu, akupempha Mulungu malo olima ndi oikapo akufa awo. Misozi inkatsika koma a Nabanda sanaipukute. Ankatsatira mawuwo ndi milomo, poti pagululo ndi iwo amene ankamva Chilomwe bwino.

"Ibwereze, tigwire chuni," ananong'ona a Asiya.

Chrissy anaibwereza. Ili m'kati mwa ndime yachiwiri, laputopu inazima.

Amayiwo anayeserera mpaka dzuwa kulowa, a Nabanda akupereka mawu, a Asiya akukonza chuni. Ndime yachiwiri anakangana nayo, aliyense anaimva mwake. Kumanda m'mawa mwake anaimba ndime yoyamba yokha, kawiri. Mkulu wawo wa a Francisko, yemwe anabwera kuchokera ku Namitambo, anavula chipewa nayamba kuvomera nawo, ngakhale anali asanaimvepo.

Lamulungu Chrissy anabwerera ku Limbe. A Nabanda anamuperekeza mpaka pamsewu atasenza kathumba ka nandolo koti akapatse mwini laputopu.