Matepi Pachingwe Choyanikira Zovala

Ku Nkolokosa anthu ankati mutu wa a Vitalis sukoka bwino, ndipo sankanama kwenikweni. Munthu wanji wogona pabalaza, chipinda chabwino n'kupatsa matepi?

Sanali makaseti ayi. Anali matepi akale aja okulungidwa pa mawilo aakulu ngati mbale, amene iwo anagwira nawo ntchito zaka makumi atatu panyumba ina youlutsira mawu. Bambo awo anachoka ku Mozambiki wapansi kudzathyola tiyi, koma mwanayu anakulira ku Mbayani n'kuphunzira zamawaya. Makompyuta atabwera, mabwana anati zakalezo zikatayidwe kudzala. A Vitalis anazituta m'chikwama, lero awiri mawa atatu, mpaka chipinda chinadzaza.

Kusamala kwake kunali kwa mwana wakhanda. Tepi siigonekedwa, imaimikidwa ngati buku. Siifuna chinyezi, siifuna kutentha, ndipo pafupi ndi sipika siifika. Mvula ikatha ankatsegula bokosi lililonse, kununkhiza ngati mwalowa chuku, kenako n'kuikulunganso tepiyo pang'onopang'ono kuti isamatirirane. Zonsezi ankachita okha atakhoma chitseko, osauzako munthu.

Mwa matepi onsewo, imodzi ndiyo inkawasowetsa mtendere. Munali mawu a malemu akazi awo, a Salome, akuimba nyimbo ya Chilomwe ndi amayi anzawo a kutchalitchi. Kwina kulikonse mawu amenewo kunalibe. Makina oimbira anaduka lamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo akamafunsa lamba wina m'mashopu onse a ku Limbe anyamata ankangowaseka.

“Madala, zimenezo n'za nthawi ya atsamunda. Gulani foni basi!”

Anayenda m'maofesi m'tauni kufunafuna woti awasamutsire mawuwo pakompyuta. Uku “bwerani mawa”, uko “abwana achokapo”, mpaka nsapato zinatha. Anatopa, koma tepi sanaitaye mtima.

Ndiye kunagwa maliro a mlongo wawo ku Phalombe, mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. A Vitalis atapita kumaliroko, panyumba panatsala Tamara, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anabwerera kwa bambo ake banja litatha. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Mphepo inafumula lata pamwamba pa chipinda chija, madzi n'kumachita kutsanulira pamashelefu. Tamara anathyola loko. Ataona mabokosi ali nyowe, mtima unamupweteka chifukwa cha bambo ake, ndipo dzuwa litangotuluka anachita zimene mayi aliyense amachita ndi chinthu chonyowa. Anayala mkeka pabwalo n'kuyanika mawilo aja ngati ufa. Onyowetsetsa, amene anali pansi penipeni pa chibowo, anawamasula n'kuwakoloweka pachingwe cha zovala kuti mphepo iwapite bwino. Masiku awiri athunthu, dzuwa lake loswa mtengo lija.

A Vitalis atalowa pageti anangoti chilili, chikwama chili m'manja. Mayo ine! Chingwe chonse chinali lende ndi matepi opiringizika, ofota ngati mfutso. Anapita molunjika pa bokosi lolembedwa dzina la akazi awo. Munalibe kanthu. Anaipeza tepiyo kumapeto kwa chingwe, yopanidwa bwinobwino ndi mapegi. Atangoikhudza, fumbi lofiirira linatsalira kuzala, pulasitiki n'kukhala mbee.

“Ababa, ndayesetsa,” anatero Tamara akupukuta manja m'chitenje. “Onse auma, palibe yomwe yachita chuku.”

Akanamukalipira bwanji? Kodi analipo tsiku limene anamuitana n'kumuuza kuti tepi imadana ndi dzuwa? Anakhala pansi pakhonde.

“Umu munali amayi ako, mwanawe. Ankaimba.”

Tamara anagwada pambali pawo, maso ali pa zala zafumbizo. Analira nthawi yaitali. Kenako anapukuta misozi.

“Ndiimbireniko inuyo, ababa. Ndingomvako mmene ankamvekera.”

A Vitalis anakonza kukhosi. Mawu a nyimboyo anabwera onse, ngakhale malo amene a Salome ankapumira. Anatseka maso kuti alimve liwu lenilenilo, ngati linali lokwera kapena lotsika, lopyapyala kapena lonenepa. Anadikira, nadikirabe. M'mutu mwawo munkangomveka liwu lawo lomwe, lachikalamba, losasa.

“Ndaiwala, Tamara,” anatero. “Amayi ako ndawaiwala.”