Kamtengo ka apongozi

Linali Lachitatu, 9 koloko m'mawa, m'mwezi wa Meyi, pamene apongozi anga aamuna anathyola kamtengo n'kukaika pansi pafupi ndi phazi langa. Sanandipatsire m'manja. Kwathu ku Chulu mtengwa sayandikana ndi apongozi ake aamuna, ndipo ine chikwatiwire ndinali ndisanawauzepo mawu ena koposa "zikomo".

Nkhani inali ya pikapu yawo. Anagula marimu awiri akale koma okongola, okhala ndi timabawuti tambiri kuzungulira. Atawaika ku matayala akumbuyo, matayalawo anatulukira kunja kwambiri, moti akapakira katundu ankakhula madigadi mpaka kununkha mphira. Mabelo a fodya ankayenera kunyamuka Lachisanu kupita ku okushoni. Jeke wodindira fodya anali pathu tsiku lomwelo lokha, ndiye amuna onse anali kuchigafa. Wotumika ndinatsala ine, ndi mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu kumbuyo.

"Akawauze amisiri a zitsulo kuboma aseme kumbuyo kwa rimu muyeso uwu, tayala lilowe mkati," anatero apongozi, maso ali kwa amuna anga, bambo a mwana. Kamtengoko kanali konenepa ngati chala chawo chachikulu.

Bambo a mwana anandikwezera marimuwo pa matola, matayala atachotsa kale. Kuboma ndinawapeza amisiriwo, bambo a imvi ovala magalasi omanga ndi waya. Ndinagwada n'kupereka kamtengo kaja.

"Ndiye ichi n'chiyani mayi, mwandibweretsera mswachi?"

Ndinafotokoza chapansipansi mpaka anachita kuzimitsa wailesi kuti andimve. Anatembenuza rimu imodzi, nayeza ndi kachida kokhala ndi manambala, kenaka anapukusa mutu.

"Bwerani muone. Apa ndi pomwe manati amagwira galimoto. Ndikasema monga kamtengo kanu, patsala chitsulo chopyapyala ngati chivundikiro cha chitini. Pa bampu woyamba tayala lidzapita lokha ku okushoni, galimoto itagona m'munda mwa eni ake." Analoza pakhoma pomwe panapachikidwa rimu yong'ambika pakati, ming'alu yake itachokera m'mabowo a manati. "Nanga pikapu yanuyo amayendetsa ndani?"

"Bambo a mwanayu," ndinayankha, ndipo nthawi iyi mawu anga anamveka bwino.

Anayamba alemba ndi choko, kenaka anamasula timabawuti tonse. Ndinadabwa kuona rimu ikugawanika patatu: mgolo wamkati, mlomo wakunja ndi mbale yapakati. Mbaleyo yokha ndi yomwe anaimanga pa makina ozungulira. Tinyenyeswa tonyezimira topiringizika tinkagwa pansi, mwana wanga n'kumatiseka ndi kudumphadumpha kumbuyo kwanga. Anasemako pang'ono, kunenepa kwa mitengo iwiri ya machesi, marimu onse mofanana. Chotsalacho anachithetsa pochotsa milomo yakunja ija n'kuikapo ina yaing'ono yomwe anali nayo. Pomanga sanatsate mzere: akamanga bawuti uyu, wotsatira ndi wa tsidya linalo. Pomaliza anamata mphako yonse yapakati ndi phala lakuda lonunkha.

"Limeneli ligone. Asaikepo tayala kapena kupopa mpaka mawa, apo ayi mpweya udzathawira m'mabawutimu galimoto ili pamsewu. Akapopa, pakani thovu la sopo muone ngati likutupa." Anandibwezera kamtengo kaja. "Ndi mswachiwu mukapereke kwa eni ake."

Njira yonse yobwerera ndinkayeseza mumtima mawu oti apongozi akamve.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Apongozi anatola kamtengo kawo pamphasa pomwe ndinakasiya, nakagunditsa kumbuyo kwa rimu. Nkhope inasintha.

"Uthenga sunafike eti?" anafunsa mwana wawo. "Basi, nyamula upite nawo pamsika akaike matayala pompano, tiyesere katundu lero."

Ndinanong'oneza bambo a mwana za phala lija. Iwo anangoti, "Bambo anena kale," n'kuwerama kuti anyamule. Ndinakumbuka rimu yapakhoma ija, ndi galimoto yodzaza mabelo, iwo ali pachiwongolero. Ndinamasula mwana, ndinamukhazika pamwendo, n'kuyankhula naye mokweza.

"Iwe, uwauze agogo ako kuti amisiri akana kusema zonse chifukwa manati akanasowa pogwira. Uwauze kuti asema pang'ono n'kusintha milomo, tayala lilowa ndithu. Uwauzenso kuti phala lakudalo silinaume. Akapopa lero, atate ako akagona m'njira."

Apongozi aakazi, omwe ankasenda mtedza pakhonde, anasiya dzanja m'lichero.

Apongozi aamuna anakhosomola, nawerama pang'ono kuyang'ana mdzukulu wawo.

"Iwe, tawafunsa amayi ako, asemako bwanji?"

"Uwauze kuti mitengo iwiri ya machesi."

Anagunda phala lija ndi nsonga ya kamtengo, ndipo linamatirira.

"Uwauze atate ako atule zimenezo. Ndipo amayi akowo mawa atsogole okha, poti ndiwo apita kusukulu ya marimu."

Apongozi aakazi anaseka mpaka mtedza unatayika. Mwana anatambasula dzanja kufuna kamtengo kaja, ndipo agogo ake aamuna anakathyola kumene kunali phala n'kumupatsa chotsalacho. Iye anachiika m'kamwa.

M'mawa mwake ndinatenga beseni laling'ono ndi kachidutswa ka sopo wochapira, tinapita pamsika. Atapopa matayala ndinagwada n'kupaka thovu pa bawuti aliyense, mmodzimmodzi, marimu onse awiri. Apongozi anaima chapatali manja ali kumbuyo, akudikira. Palibe pomwe panatupa. Ndinatembenuzira mutu kwa mwana kumbuyo kwanga n'kumuuza kuti awauze agogo ake apakire fodya.