Magetsi pa chinkhoswe cha alamu anga

Pa esiteti pomwe tinkakhala panali lamulo: ukafuna kuliza nyimbo pa masipika, uyambe watenga kalata ku ofesi. Ukaliza opanda kalata, mlonda ankabwera kudzanyamula masipikawo, ndipo mwininyumba ankaitanidwa kwa abwana Lolemba. Apongozi anga aamuna anali kapitawo wa otchola tiyi, ndipo nyumba yawo, ya magetsi, inali ya kampani. Munthu wotere kuitanidwa chifukwa cha phokoso zikanakhala zamanyazi kwambiri.

Chinkhoswe cha alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, chinagwa nthawi ya dzinja, tiyi ataphuka, aliyense ali kumunda. Ine ndekha ndinali pakhomo ndi khanda la miyezi itatu.

"Amake mwana, nthawi muli nayo ndinu," anatero apongozi aakazi. "Mukangonena kuti chinkhoswe Loweruka, akulemberani."

Ine kuyankhula ndi anthu a mataye ndimaopa. Ndinapita ndithu, mwana kumsana, mvula ikuwaza. Kalaliki anali pa foni, Chingerezi chokhachokha. Atamaliza anandiyang'ana.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Ndangobisala mvula," ndinatero.

Anandilozera benchi. Ndinakhala mpaka mvula itakata, ndikubwerera. Madzulo apongozi atafunsa za kalata, ndinati ndaisunga pabwino. Bodzalo linatuluka lokha.

Loweruka kunabwera bambo wa nyimbo wochokera ku Bvumbwe, masipika atamanga panjinga yamoto. Chingwe anachilowetsa pawindo mpaka pabalaza. Atangoyesa, nkhuku zonse zinathawira m'tiyi. Anthu anasangalala, ine ndinakumbukira za kalata.

Cha m'ma thu koloko, ankhoswe atakhala kale pamipando, ndinaona chipewa cha mlonda chikutsika m'kanjira ka pakati pa mizere ya tiyi. Anali akadali patali, kumabulugamu. Ndinauza amayi oyandikana nawo kuti ndikukayamwitsa. Kuseri kwa chitseko cha pabalaza kunali kabokosi ka magetsi a nyumba yonse. Ndinasomphoka n'kutsitsa kabataniko.

Kunja kunangoti zii.

"Azimitsanso," wina anatero.

Palibe amene analowa kudzaona. Kwathu magetsi akazima sitifunsa chifukwa. Anthu anatukwanako pang'ono eni magetsiwo, osalakwa tsiku limenelo, bambo wa nyimbo anakhala pansi n'kupempha thobwa. Azakhali ena anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, wina anatembenuza ndowa n'kumaimenya, manja anayamba kuwomba.

Ine ndinali kumvetsera pawindo pomwe mlonda anafika.

"Akapitawo, ndinamva chiphokoso kuno. Kalata ilipo?"

"Kalata ilipo, achimwene, magetsi ndiwo kulibe. Amake mwana ali kuti abweretse?" anatero apongozi aamuna.

Ndinamukumbatira mwana mpaka anadzuka.

"Asiyeni," anatero mlonda. "Masipika ali chete, kalata ndiitani? Pakamwa pa azimayiwa ofesi siilembera kalata."

Anamupatsa thobwa. Ndinkaganiza kuti amwa n'kumapita, koma anatsamiritsa ndodo yake pamtengo wa mapeyala n'kupeza mpando. Nthawi yopatsana tambala ndi msoti anali kutsogolo, akuuza ankhoswe aachimuna kuti tambala wawo ndi wowonda.

Kenaka apongozi aakazi analowa kudzatenga mbale. Anandipeza nditakhala pansi pa kabokosi kaja. Nthawi yomweyo kunyumba yoyandikana nayo wina anakweza TV, mpira ukumveka bwinobwino. Apongozi anamvetsera, anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine.

"Kalata ija tiione."

Ndinayang'ana kumapazi kwa mwana.

"Ku ofesiko munafika?"

"Ndinafika, Amayi."

"Nanga munanena chiyani?"

"Ndinati ndabisala mvula."

Anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinadikira kukalipiridwa, koma iwo anapukuta misozi n'kunong'ona: "Khalani pomwepo. Musayatse mpaka mlondayo achoke." Ndinawaona pawindo akulowera kwa oyandikana nawo aja ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku, ndipo mpira uja unasiya kumveka.

Mlonda anachoka dzuwa litapendeka, mwambo utatha. Ndinakweza kabatani, anthu anakuwa kuti magetsi ayaka, koma apongozi anauza bambo wa nyimbo kuti alendo atopa, amange katundu wake. Apongozi aamuna mpaka lero amanena kuti chinkhoswe chimene chija anachikometsa ndi azakhali.

Ukwati utayandikira, apongozi aakazi anajomba kumunda m'mawa umodzi n'kundiperekeza ku ofesi. Anaima kumbuyo kwanga, chala chili m'nthiti mwanga. Kalaliki anali yemwe uja. Anandiyang'ana, kenaka anasuzumira kunja.

"Lero kulibe mvula, mayi."

Chala chija chinandibaya.

"Ndabwerera kalata ya masipika," ndinatero, ndipo analemba.