A Msomali ndi Tebulo la Eni Ake

Mayi wogulitsa makala pakona ndiye anaona a Msomali akutsika basi okhaokha, kachikwama kumanja, chipewa chitatsikira pamphumi. Anapita awiri, abwerako mmodzi. Pofika masana msewu wonse unali utamva kuti ukwati wa kalipentala wathera kuphiri. Wometa anawonjezera kuti mayi anawakankha pathanthwe, koma wometa uja amawonjezera chilichonse, angakuuzeni kuti wameta munthu wadazi n'kudzaza thumba. Zokankhazo tinazitaya. Koma zoti mayi achoka, mmm, zimenezo zinali ndi kafungo ka zoona, chifukwa aliyense wodziwa a Msomali amadabwa kuti mayiyo anapirira bwanji mpaka imvi mbuu.

Dzina limeneli analipeza chifukwa amasunga misomali pakamwa. Amalonjera nayo, amakalipa nayo, ana ena amayesa anabadwa nayo. Shedi yawo ili kutsogolo kwa nyumba, ndiye utuchi umapezeka paliponse: mu shuga, pa pilo, m'thumba la jekete ya kutchalitchi. Si munthu woipa ayi. Mowa samwa, dzanja sakweza, ndipo zitseko zambiri za mumsewu uno ndi zawo, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimalira. Vuto lawo ndi limodzi: munthu wopanga mipando koma matako ake sadziwa mpando. Pa ukwati wa mwana wawo anasowa pa tebulo la makolo, anthu n'kuwapeza atagwada kuseri akukonza mwendo wa benchi. Ku maliro amayang'ana makona a bokosi n'kumapukusa mutu, ofedwa n'kumayesa ndi chisoni. Atagonekedwa kuchipatala ndi BP anapempha namwino sikuludiraiva.

Madzulo aliwonse mayi amathira tiyi makapu awiri. Amamwa wawo, winayo amazizira mpaka utuchi kuyandama pamwamba. A Msomali amabwera kudzamugugudiza ali chiimire, pensulo kukhutu, n'kubwerera kushedi.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa kutauni, ndiye anachita lendi kanyumba m'tsinde mwa phiri kuti makolo akapume. A Msomali anati kupuma n'kwa anthu odwala. Mayi sanakangane nawo. Analongeza madiresi awo onse m'masutikesi awiri, n'kuwatumiza kwa mwana kutauni. Kenaka anakhuthula chikwama cha amuna awo pabedi: hamala, tepi, kabotolo ka guluu kokulungidwa m'sokosi.

"Bambo a ana, ndimvereni bwino," anatero mayi. "Mukakagwira chipangizo kumeneko, ine pobwerera nditsikira kutauni. Zovala zanga zili kale komweko. Mukhale ndi utuchi wanu, uzikuphikirani."

"Aaa, amayi, ine? Masiku ochepa amenewa? Ndine munthu wodzigwira ine."

"Lavulani kaye msomali uli pakamwawo."

Analavula. Inali iwiri.

Kanyumbako kanali kokongola, khonde loyang'ana phiri, makatani oyera mbee, bafa ya madzi otentha. Anawalandira ndi mlonda wa pamalopo, bambo wamtali wa miyendo ngati nsungwi, amene ankayang'aniranso nyumba ndi kuperekeza alendo kuphiri. Anawaonetsa makiyi, mbaula, poyatsira magetsi. A Msomali sanamve chilichonse. Maso awo anali pa tebulo la pabalaza.

Tebulo lake! Thabwa labwino, lolemera, la mtengo umene masiku ano suoneka. Koma pamwamba pake ngati nkhope ya munthu wa ndewu: ming'alu, zipsera za mipeni, mabanga a makapu, pena popsa ndi poto. Mwendo umodzi unali waufupi, ukatsamira chigongono tebulo lonse gwede. A Msomali anamva chisoni ngati apeza mwana wamasiye pamvula. Anadabwanso kuti anthu olemera chonchi, a makatani otere, akusowa woti awapalire tebulo.

"Maso kuno," anatero mayi.

"Ndikungoona, amayi. Kuona si kugwira."

Tsiku lotsatira anakwera phiri. A Msomali anali atalengeza m'mawa kuti munthu wonyamula matabwa saopa chitunda, ndipo mayi aziyenda pang'onopang'ono, adzawadikira. Asanafike n'komwe pakati, mayi anali kutsogolo ndi mlonda akucheza za mitengo ya tomato, a Msomali ali kumbuyo akupuma ngati pampu ya njinga, atagwira tchire.

"Madala, tikudikireni?" anafuula mlonda.

"Pitani! Ndikuona mitengo ine!"

"Asiyeni," anatero mayi. "Akuiwerengera zitseko."

Pamwamba panali mphepo yozizira ndi benchi la alendo. Benchilo nalo linali gwedegwede, msomali umodzi utatulutsa mutu ngati ukuwaitana dzina. Pafupi pomwepo panali mwala wokwana bwino m'manja. A Msomali anauyang'ana mwalawo, anayang'ana akazi awo, kenaka anakhala pabenchi n'kukhalira manja awo onse awiri. Mitambo inali pansi pawo, nyumba za kutali ngati mabokosi a machesi. Mayi anasolola dzanja limodzi la amuna awo n'kuligwira. A Msomali anaona kuti mphete ya mayi yayamba kukhwepa pachala, ndipo khungu la dzanjalo lachita makwinya. Anadabwa kuti zimenezi zachitika liti, iwo ali kuti. Potsika anali odzitama kwambiri mumtima: benchi alipambana, tebulo n'chiyani?

Kutacha miyendo ya mayi inauma ngati mitengo. Atadya masana anadzola mankhwala m'mawondo n'kukagona. Mlonda anatsikira kumsika. M'nyumba munangoti zii. Munatsala a Msomali ndi tebulo, akuyang'anizana.

Anayamba ndi mwendo basi. Kamtengo ka pa nkhuni, kusema pang'ono ndi mpeni wa kukhitchini, kukhomera ndi chidendene cha nsapato. Tebulo linaima nji. Mpeni wa anyezi si chipangizo, nsapato si chipangizo, mlandu palibe. Ndiye kuseri kwa nyumba anaona botolo losweka. Kalipentala aliyense wakale amadziwa kuti galasi limapala thabwa bwino, ndiponso silichita phokoso. Anati angochotsa banga limodzi lokha, lija lonyansa kwambiri. Atachotsa, pamalopo panawala, mabanga enawo n'kuoneka onyansa kuposa kale. Nanga munthu angasiye ntchito ili theka? Anapala, anapala, thukuta kamukamu, mtima uli myaa. Ming'alu anaitseka ndi phula la kandulo losakaniza ndi zopalapala zomwezo. Pomaliza anapaka mafuta ophikira ndi sokosi. Dzuwa likupendeka tebulo linali see, ngati latuluka m'sitolo lero.

Anaima chapatali, manja m'chiuno, kudikira kuthokozedwa.

Mlonda atalowa anagwetsa jumbo ya buledi. Anagwira kumutu.

"Mayo ine! Madala, mwatani?"

"Musavutike n'kuthokoza, achimwene. Ndi ntchito yanga."

"Kuthokoza? Mwandichotsa ntchito! Abwana anakalitenga kutali tebulo limeneli, m'nyumba yakalekale. Analikonda chifukwa cha zipsera zomwezo! Alendo amalijambula kuposa phiri. Ine amandiletsa ngakhale kulipukuta mwamphamvu!"

"Amajambula ming'alu?"

"Ming'alu yomweyo!"

"Ndi mwendo waufupi?"

"Umenewo ndiye amati ndi mbiri yake!"

A Msomali anaona kuti dziko lapenga iwo ali mushedi. Koma asanayankhe, chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Mayi anaima pakhomo, nayang'ana tebulo, nayang'ana zopalapala pansi, nayang'ana sokosi ya mafuta.

"Amayi, chipangizo sindinagwire. Onani nokha. Ili ndi botolo."

Mayi sanawayang'ane n'komwe. "Achimwene, basi ya kutauni imadutsa nthawi yanji m'mawa?"

A Msomali anaika botolo lija pansi pang'onopang'ono. Akazi awo akanakalipa bola. Mayi analowa kuchipinda, kunamveka zipi ya chikwama. Mlonda anali akuzungulira tebulo ngati pamaliro, akudandaula kuti mwini nyumba abwera kutha kwa mwezi, ndipo iye ali ndi ana kusukulu.

"Libwezereni mmene linalili, madala."

"Ine ndimadziwa kupanga zatsopano. Zakale sindinaphunzire." Anakanda kukhutu pamene pamakhala pensulo. "Kapena tilimenye ndi mwala? Kaya tcheni cha njinga?"

"Mwala!"

Anali mayi, atatulukanso, chikwama chili m'manja.

"Mutu wonsewo waganiza mwala? Mukuyesa tebulo limakalamba ndi kumenyedwa? Limakalamba ndi anthu okhalapo, bambo inu. Uyu waika kapu, uyu wadulira buledi, uyu watsamira akulira. Kwathu kuja tebulo lathu mwalipala kangati? Mwana analemba dzina lake ndi foloko ali wamng'ono, ine ndinkapasisita pamenepo atapita kusukulu yogonera konko. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza pali see. Munati mwandikonzera."

A Msomali ankakumbuka tsikulo. Ankakumbuka kuti ntchito inatuluka bwino kwambiri. Zoti mayi sanadye madzulo ake, akuzikumbukira pano.

Mayi anayang'ana mlonda, amene maso anali atafiira. Anaika chikwama pansi, koma pafupi ndi chitseko.

"Si chifukwa cha inu," anauza amuna awo. "Ndi ana a bambowa. Achimwene, kukubwera alendo ena?"

"Mpaka mwezi uthe kulibe, mayi. Khalani. Ine sindinakuoneni, inu simunandione."

"Chabwino. Terekani ketulo, achimwene. Inu bambo a ana, khalani apo. Pampando. Matako onse awiri."

Ntchito yokalambitsa tebulo inayamba pomwepo, kapitawo wake mayi. Choyamba analamula kuti kamtengo ka kumwendo kachoke. A Msomali anakazula okha, nkhope ngati akuzula dzino lawo. Phula anatokosola ndi foloko. Kenaka tiyi: makapu osaika pa sosala, odzaza mpaka kutayikira, ndipo kapu isasunthe mpaka banga ligwire. Ndiye kuti munthu ukhale pomwepo kulidikira. A Msomali atamwa koyamba analumpha.

"Wotentha uyu!"

"Tiyi amakhala wotentha, bambo a ana. Zaka zonsezi."

Tsiku loyamba mwendo wawo unkanjenjemera pansi pa tebulo ngati wa telala. Maso ankathawira ku hinji ya windo. Koma mayi anawapatsa anyezi kuti adulire pathabwa penipeni, poto wotentha kuti amutereke pakona, makadi kuti asewere mpaka zigongono zisiye mafuta. Poti manja anali ndi chochita, makutu anatseguka. Anamva kuti mayi sanaukondepo mtundu wa kabati ya kukhitchini. Anamva kuti ali mtsikana ankafuna kuyendetsa lole. Anamva kuti mng'ono wawo wa mayi anasiya kuwayankhula chaka chatha, nkhani imene msewu wonse unkaidziwa kupatula a Msomali okha. Anazindikiranso kuti mayi amabera pa makadi, ndipo akagwidwa amaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina ketulo inatha, a Msomali anadzuka okha kukaterekanso ina, osatumidwa, n'kubwerera pampando womwewo.

Mlonda ankabwera m'mawa kudzayendera. Tsiku lomaliza anazungulira tebulo, analigwedeza, linati gwede.

"Lanyansa bwino," anatero. "Silinafike pakale, koma abwana ndiwauza kuti ndi nyengo."

A Msomali anasisita banga lina la kapu ndi chala. Ankadziwa kuti limeneli ndi la tsiku la nkhani ya lole. Anachotsa chalacho msanga, kuopa chizolowezi.

Za chikwama chija mayi sananenepo kanthu, ndipo a Msomali anaopa kufunsa. Basi itafika kutauni, mayi anaimirira.

"Inu pitirirani."

"Amayi... mubwera?"

"Samalani chipewa, chigwa pawindo."

Ndi mmene anatsikira okha pakona paja, wamakala n'kuwaona. Mawa lake anatsegula shedi monga mwa masiku onse, koma dzuwa litapendeka anatseka, kasitomala ali pakhomo ndi mpando wothyoka. Anatulutsa tebulo pakhonde, makapu awiri, n'kukhala. Wometa anati mutu wayamba kusokonekera. Tsiku linalo chimodzimodzi: kapu imodzi amamwa, inayo imazizira, iwo maso ali kumsewu. Tinayamba kupangana zoti tipite tikawapepese.

Lachisanu masana takisi inaima pageti. Munatsika mayi, ndi masutikesi awiri. Anali atatsikira kutauni kukatenga madiresi awo. Ukwati sunathe.